Kiyi wa Chipinda cha Pamwamba

Mzinda uno umadya zitsulo. Palibe anandichenjeza zimenezi ndisanabwere. Anandiuza za kutentha, anandiuza za udzudzu, achemwali anga anafika pondiuza kuti amuna a m'mbali mwa nyanja yamchere ali ndi pakamwa pozuna, koma za dzimbiri palibe anatchulako. Mpweya wa kuno ndi wonyowa, ndipo ukanyambita milomo umamva mchere ngakhale usanadye kanthu. Nsapato zanga za kutchalitchi, zimene ndinazisunga bwinobwino pansi pa bedi, ndinazipeza zitachita chuku chobiriwira. Ukachapa thaulo Lolemba, Lachitatu limakhala likadali lonyowa, likununkha ngati galu wovumbwa.

Ine ndine wa dziko lina, la kumapiri, kumene m'mawa munthu amayenda mofulumira kuti amve kutenthera. Ndinabwera kudzagwira ntchito yoyeza magazi pa chipatala cha kudoko, ndipo miyezi khumi ndi umodzi inali itatha. Anthu a mumsewu mwathu sanavutike n'kuphunzira dzina langa. Amangonditchula Wakumapiri, ndipo ana akandiona ndikubwera amatsanzira kayendedwe kanga, zigongono m'mwamba, ngati munthu wothamangira basi.

Chimene chinandipweteka kwambiri si kutentha ayi. Anthu a kuno ndi aulemu moti amakulonjera mpaka miyendo kuwawa: mwadzuka bwanji, nanga kuntchito, nanga kwanu kumapiri mvula ikugwa? Koma moni ukatha aliyense amalowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Dzuwa likafika pamutu masitolo amatsekedwa, agalu amagona pansi pa magalimoto, msewu wonse umangoti zii, kungotsala akhwangwala akukangana pa mawaya a magetsi. Lamlungu ndiye linali loipitsitsa. Ndinkagona chagada m'chipinda changa cha pamwamba, fani ikuzungulira kudenga, ndikumvetsera mabanja a pansi akuseka pa chakudya. Ndinkasungulumwa mpaka kuyankhula ndi nalimata wa pakhoma.

Kenako loko wa chitseko changa anauma ndi dzimbiri. Ine, ndi nzeru zanga za kumapiri, ndinathiramo mafuta ophikira. Patatha sabata kiyi anathyokera momwemo, ndipo alandilodi anaitana mwamuna wodula makiyi pakona ya msika, amene aliyense amamutchula Wamaloko. Ananunkhiza lokoyo, n'kundiyang'ana.

"Mumafuna kumukazinga?" anandifunsa.

Kanali koyamba kuti ndiseke chibwerereni. Anaika loko watsopano, anandipatsa makiyi awiri, n'kundiphunzitsa kupaka kiyi ndi nsonga ya pensulo m'malo mwa mafuta. Miyezi inayi inapita kuchokera tsiku limenelo, ndipo pofika sabata imene ndikukambayi tinali titayenda limodzi m'mbali mwa nyanja kambirimbiri, moti ogulitsa nsomba anatopa n'kutiyang'ana.

Vuto linali pa tebulo langa: fomu ya masamba awiri. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinkatha, ndipo ndinayenera kukasaina Lachisanu ngati ndikufuna kukhala zaka zina ziwiri. Kupanda kusaina, ndiye kulongedza. Ntchito ngati yangayi ndikanaipeza kwathu. Chondisungira kuno chinali munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali asananene kanthu kogwirika.

* * *

Lamlungu madzulo achemwali anga anaimba foni.

"Iwe, wa makiyi wako uja wakufunsira ukwati, kapena akungokuonetsa nyanja?"

"Achemwali, munthuyo si wolankhulalankhula."

"Wosalankhula amakwatira bwanji, ndi manja? Kwawo unafikako? Amayi ake amakudziwa?"

"Amandidziwa kumaso, mwina."

"Kumaso! Inenso wogulitsa makala amandidziwa kumaso. Tamvera, mng'ono wanga. Amayi akufunsa tsiku lililonse kuti ubwera liti. Chipinda chako sitinaikemo munthu, ngakhale mlamu wako akufuna kusungiramo matayala. Usatayire zaka ziwiri mwamuna amene sanakuonetse ngakhale khonde la kwawo."

"Ndamva."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

Ndinadula foni mtima ukuwawa, chifukwa ankanena zoona. Koma kuti ine ndimufunse mwamuna kuti kodi undikwatira, pakamwa panga sipakanatha. Ndinatsegula kabati, ndinatenga kiyi wachiwiri uja, n'kumumanga kachingwe kofiira. Ndinaganiza kuti ndikamupatsa adzamva yekha zimene ndikunena: chitseko changa ndi chako, m'mzinda uno ndilibe wina. Akalandira, ndisaina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine madzulo amenewo ndinadziona wochenjera kwambiri, ndipo sindinafunse aliyense.

* * *

Lolemba nditaweruka ndinadzera kumsika. Shedi ya Wamaloko ndi yaing'ono, yamalata, makiyi osadula atapachikidwa pa misomali mizeremizere. Pa benchi panali anthu atatu akudikira: bambo wa sitolo ya nsalu, mayi wina atafungatira loko wa sutukesi, ndi mwana wamkazi wa alandilodi anga, amene amapaka akazi utoto m'zikhadabo pakhonde la nyumba yathu. Ine mumtima ndimamutchula Wazikhadabo. Loko wa kabokosi kake amawonongeka sabata iliyonse, ndipo sindikudziwa kuti dzimbiri linamukondera chiyani iye yekha.

Wamaloko anazimitsa makina atandiona, n'kupukuta manja pa ovololo.

"Wabwera? Dikira pang'ono ndimalize, ndikuperekeze."

"Sindikhalitsa. Ndakubweretsera ichi."

Ndinamutambasula dzanja n'kuikamo kiyiyo. Anamuyang'ana kamodzi n'kumuzindikira, poti anamudula yekha. Kumwetulira konse kunachoka. Anaponya maso pa benchi, n'kubwezera kiyi m'dzanja langa mofulumira ngati ndamupatsa khala lamoto.

"Uyu sindingatenge," anatero mokweza, kuti onse amve. "Kiyi amakhala ndi mwini wake."

"Mwini wake ndine, ndipo ndikukupatsa."

"Ayi. Muike m'chikwama. Tikambirana."

Bambo wa nsalu anagwedeza mutu movomereza. Wazikhadabo anaphimba pakamwa ndi zala zake zopakapaka, mapewa akugwedezeka. Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinatembenuka n'kuyenda mayendedwe a kwathu aja, anthu akundipatukira. Anandiitana kawiri koma sindinacheuke.

* * *

Mameseji anayamba ndisanafike pageti.

*Usakwiye. Pali chifukwa.*

*Yankha foni.*

*Wadya?*

Funso lomalizalo linandipsetsa mtima kuposa onse. Munthu wandichititsa manyazi pamsika, ndiye azifunsa za m'mimba mwanga? Sindinayankhe. Lachiwiri lonse foni inakhala m'kabati, pansi pa malaya.

Madzulo ake ndinapeza Wazikhadabo pakhonde, atanyamula phazi la mayi wina pamwendo, akupaka chala chachikulu.

"Achemwali a kumapiri, mwaswera bwanji? Kiyi wanu uja simunataye?"

"Ndili naye, zikomo."

"Musadandaule. Amuna a kuno ndi otero, amakonda kucheza ndi alendo. Chaka chatha kunali mphunzitsi wina, nayenso ankamuonetsa nyanja madzulo alionse. Anapita kwawo bwinobwino, sanafe." Anauzira chikhadabo cha mayi uja. "Ine Wamaloko uja ndinakula naye. Amayi ake amandituma ngati mwana wawo. Dzulo lomweli ndinali kwawoko, ndikuwathandiza kuyanika zovala. Za inu sanatchuleko. Mwina anaiwala."

Mayi wa phazi uja anaseka, kenako n'kunamizira kutsokomola.

Kwathu amandidziwa kuti sindisowa choyankha. Koma chinenero cha kuno ndimachilankhula ngati munthu woyenda pa miyala yoterera, ndipo mawu akuthwa amandibwerera nditafika kale pamasitepe. Ndinangoti, "Tsalani bwino," n'kukwera.

Mvula ya madzulo inali itayamba. Kuno imabwera osagogoda, imakhuthuka mphindi makumi awiri, n'kusiya msewu ukufuka nthunzi. Zenera langa linali lisakutsekeka chifukwa mahinjesi anadyeka, ndiye madzi ankalowa n'kunyowetsa pilo. Sindinasunthe bedi. Ndinakoka sutukesi kuti ndiyambe kulongedza, zipi yake n'kukana kutseguka. Ndinakhala pansi pambali pake n'kulira, ndipo sindinkalirira zipi ayi.

* * *

Lachitatu ndinamupeza Wamaloko pageti la chipatala atavala malaya oyera. Anali atatseka shedi nthawi isanakwane, chinthu chimene sachita ngakhale akudwala malungo.

"Ukandithawa ndikutsatira mpaka kumapiri kwanuko," anatero. "Tiye."

Tinakakhala pa khoma lotchinga mafunde. Madzi anali atapita. Ichi ndi china chimene sindinachizolowere: nyanja ya kuno imachoka kawiri pa tsiku, n'kusiya mabwato atagona cham'mbali pamatope, kenako n'kubwerera ngati sinalakwe kanthu. Tinkhanu tinkathamanga m'matopemo, ndipo amayi ena atakwinya zovala ankatola nkhono zam'madzi m'zidebe. Ndinakhala motalikirana naye, chikwama pakati pathu.

"Bambo anga anadula makiyi pakona paja zaka makumi atatu," anayamba. "Maloko a msika wonse uja, a masitolo, a nyumba za mumsewu mwanu, anaika ndi iwo kapena ine. Ukudziwa chifukwa chake anthu amagona tulo? Amadziwa kuti kiyi wa eni sagona kwa ife. Ndikadula kiyi n'kulakwitsa, ndimamupala ndi tupa mwini wake akuona, mpaka mano onse athe. Tsiku limene adzamve kuti Wamaloko amayenda ndi kiyi wa nyumba ya eni m'thumba, aliyense amene anasowetsapo ngakhale supuni adzakumbukira kuti loko wake ndinaika ndine."

"Ndiye sukanandiuza?"

"Pamaso pa bambo wa nsalu uja? Iwe unandipatsa benchi itadzaza."

Manyazi a Lolemba aja anachoka, kunabwera manyazi ena atsopano.

"Nanga mphunzitsi wa chaka chatha?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Agogo aja? Anali ndi zaka sikisite, ankafuna wowanyamulira ambulera. Wakuuza ndani? Ayi, usanene, ndadziwa kale."

"Akuti amayi ako amamutuma ngati mwana wawo."

"Amadzituma yekha. Amayi sangamuthamangitse, amayi ake ndi alandilodi ako, ndipo maloko onse a nyumba yawo amaika ndife."

Pamenepo ndinachotsa chikwama pakati pathu, n'kumuuza za fomu. Ndinamuuza za Lachisanu, za zaka ziwiri, za chipinda changa cha kwathu chimene mlamu wanga akufuna kuikamo matayala. Nkhope yake inagwa.

"Mkuja? Ndipo ukundiuza lero?"

"Ndimafuna undiletse wekha kupita, osati chifukwa cha pepala."

"Ndikanakuletsa bwanji osadziwa kuti ukupita?"

"Kiyi uja ndiye anali mawu anga. Ndinalibe ena." Ndinatembenukira kumatope kuja. "Mwezi wachitatu nditafika kuno ndinadwala masiku anayi. Palibe anagogoda. Ndinkamva anthu akusesa pansi, akulonjerana, akuseka. Ndinaganiza kuti ndikafera muno adzandidziwa ndi fungo. Ndimangofuna pakhale munthu mmodzi m'mzinda wonse uno amene angatsegule chitseko changa kudzaona ngati ndili moyo."

Anayang'ana kunyanja. Kutali madzi anali atayamba kubwerera, kamzere koyera kakuyandikira pang'onopang'ono. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa."

"Wangondiuza kumene kuti..."

"Ndikudziwa zimene ndanena. Bweretsa."

"Ayi, tsopano ndamvetsa. Usaphwanye lamulo la bambo ako chifukwa cha ine."

"Bambo ankanena za kiyi wa eni. Uyu si wa eni."

Anamutenga, anatalikitsa chingwe chija, n'kumuvala m'khosi, m'kati mwa malaya.

"Lachisanu kasaine. Madzulo ake ndidzakutenga, tikaone amayi."

Ndikanayenera kukana kachiwiri. Sindinakane. Ndinali ndi njala ya mawu amenewo kwa miyezi inayi, ndipo munthu wanjala safunsa kuti chakudya chachokera kuti. Tinakhala pakhomapo mpaka madzi anafika pa mabwato n'kuyamba kuwadzutsa limodzilimodzi.

* * *

Lachinayi ndinabwera kunyumba ndikuimba chapansipansi. Pageti ndinapeza mwamuna wachilendo atagwada, akuchotsa loko. Alandilodi anaima pambali, manja m'chiuno.

"Mwaswera bwanji, amayi? Nanga kunyumba? Nanga miyendo ija?"

"Bwino."

Kanali koyamba kulandira moni waufupi m'mzinda uno. Anatenga kiyi watsopano m'manja mwa mwamuna uja n'kundipatsa.

"Uyu ndi wa geti. Ndi wanu. Wanu nokha."

Pakhonde Wazikhadabo anali ndi akazi anayi, koma palibe amene ankapakidwa utoto. Onse anasiya kulankhula pamene ndinkadutsa.

M'chipinda mwanga ndinapeza zenera litatsekeka bwinobwino, mahinjesi atsopano akunyezimira. Pansi anali atasesa. Pa pilo panali kapepala kolembedwa ndi pensulo: *Mvula isakunyowetsenso.* Ndinakagwira pachifuwa, ndinatsegula zenera n'kulitseka, ndinalitsegulanso n'kulitsekanso, ndikuseka ndekha ngati wamisala. Kwa nthawi yoyamba munthu anali atalowa muno chifukwa cha ine.

Potsegula kachitatu ndi pamene ndinaona kutsidya kwa msewu. Mwamuna wachilendo uja anali pakhomo la mayi wina wogulitsa mankhwala, ndipo mayiyo ankamulozera loko wa chitseko chake. Pamenepo ndinazindikira. Wamaloko analowa muno masana, ine kulibe. Anadutsa pakhonde lija, anakwera masitepe, anatulutsa kiyi m'khosi mwake, ndipo pakhondepo panali maso amene sagona.

Ndinamuimbira. Anayankha kachitatu. Kumbuyo kwake kunkamveka mawu a mwamuna wachikulire akukalipa, ndi wina akulira.

"Chikuchitika n'chiyani?"

"Ndi nkhani zazing'ono, zitha. Amalume abwera, tikukambirana."

"N'chifukwa cha kiyi uja, eti? Alandilodi asintha loko wa geti."

"Zenera likutsekeka?"

"Likutsekeka, koma tandiyankha."

"Anthu alankhula masiku awiri, atopa. Iwe mawa kasaine."

"Ukunena zoona?"

"Kasaine. Ndidzakutenga faifi koloko. Uvale diresi yabuluu ija."

Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira. Ndinatulutsa diresi yabuluu, ndinaisita, n'kuipachika kutali ndi khoma kuti isachite chuku.

* * *

Ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ili m'nyumba yakale yoyang'anana ndi doko. Tinakhala pa mabenchi anthu pafupifupi makumi awiri, alendo tokhatokha, aliyense akudzipepesera ndi mapepala ake. Palibe ankalankhula ndi mnzake. Fani imodzi inali yakufa, ina inkazungulira mwaulesi ngati nayonso ikudikira chilolezo.

Dzina langa linaitanidwa cha m'ma teni koloko. Bambo wa paofesipo anawerenga fomu yanga mzere uliwonse, akutsatira ndi chala.

"Zaka zina ziwiri? Mzinda wathu mwaukonda, eti?"

"Ndikuuzolowera."

"Ambiri a kumapiri amathawa chaka choyamba. Mukudziwa kuti mukasaina pano, chipatala sichikumasulani mpaka zaka ziwirizo zithe?"

"Ndikudziwa."

Ndinasaina. Anamenya chidindo kawiri. Kunja kwa zenera chombo cha kuzilumba chinkatuluka padoko, chikuliza hutala, anthu atadzaza m'mbali mwake. Ndili pamasitepe a ofesi ndinalemba meseji: *Ndasaina.* Ndinaiyang'ana ulendo wonse wa basi, koma sinafike kwa mwini wake. Ndinadziuza kuti mwina foni yatha moto.

* * *

Ndinafika kunyumba masana, nthawi ija msewu umakhala uli zii. Pamasitepe opita kuchipinda changa panakhala mayi wachikulire, wochepa thupi, atavula nsapato n'kuziika pambali. Sindinafunse kuti ndani. Maso ake anali a Wamaloko.

Ndinawalonjera ndi ulemu wonse umene ndinaphunzira m'miyezi khumi ndi umodzi. Anayankha moni wonse, osadumpha ngakhale funso limodzi.

"Ndinu wa kumapiri uja?"

"Ndine, amayi. Tiyeni tikwere, mukamwe madzi."

"Pano pali bwino. Mwana wanga anati madzulo ano abwera nanu kwathu. Ndati ndibwere ndekha, musavutike n'kuvala."

Anamasula mfundo ya pa kansalu kawo, anatulutsa kiyi wa chingwe chofiira, n'kumuika pa sitepe pakati pathu.

"Dzulo mwana wanga analowa m'nyumba muno ndi kiyi wa m'khosi mwake, inu kulibe. Dzuwa lisanalowe msika wonse unali utamva. Bambo wa nsalu wachotsa maloko ake atatu n'kudzawataya pa shedi. Mayi wina wakumbukira wailesi imene inasowa zaka zinayi zapitazo. Akuluakulu a msika anena kuti iye akakhala pa shedi paja, palibe abwerenso. Shedi imeneyo ndi imene ikuphunzitsa alongo ake awiri. Ndi imene imandigulira mankhwala."

"Amayi, wolakwa ndine. Ndinamupatsa ndine. Ndipita kumsika, ndikauze aliyense."

"Mukawauza chiyani? Kuti n'zoona anali naye?"

Ndinayang'ana kiyi uja pa sitepe.

"Ali kuti?"

"Amalume ake amutenga pa chombo cha m'mawa. Akakhala kuzilumba, akawathandize ntchito. Msuweni wake agwirizira shedi mpaka anthu aiwale."

"Mpaka liti?"

"Anthu a kuno amayenda pang'onopang'ono. Amaiwalanso pang'onopang'ono."

"Wapita osandiuza?"

"Foni ili m'thumba mwa amalume ake. Anakangana nawo mpaka mawu kusasa. Koma ataona alongo ake akulira, ananyamula chikwama. Kiyiyu sanandipatse ayi, ndachita kumutenga pa msomali iye akusamba." Anapumira m'mwamba n'kusisita bondo. "Sindikudana nanu, mayi. Nkhope yanu si ya munthu woipa. Koma mlendo ndi mame. Ndamva kuti mapepala anu akutha. Mwezi wamawa mudzakhala muli kwanu, mukuseka ndi abale anu za mwamuna wa maloko, ife titatsala ndi dzina lowonongeka. Pitani bwino, ndipo musamulembere."

"Ndasaina, amayi."

"Mwatani?"

"M'mawa uno. Zaka ziwiri. Anandiuza yekha kuti ndikasaine."

Kwa nthawi yoyamba anandiyang'anitsitsa. Anayang'ana nsapato zanga zafumbi, envulopu ya chidindo m'manja mwanga, kenako chitseko chotseka pamwamba pa masitepe. Ukali wonse unachoka pa nkhope yawo, kunatsala chinthu chopweteka kuposa ukali.

"Mwanawe," anatero chapansipansi, "ndiye ukhala ndi ndani?"

Anadikira pang'ono ngati akufuna kuwonjezera mawu, koma anangovala nsapato, anagwira khoma podzuka, n'kutuluka pageti osacheuka.

Ndinatola kiyi uja. Chingwe chinali chikadali chonyowa. Ndinaima pamenepo, osatha kukwera, osatha kutsika. Mkwiyo ndi umene unandisuntha. Ndinati lero ndiye lero, kaya chinenero chindigwetse kaya chisandigwetse, Wazikhadabo andimva. Ndinazungulira kukhonde.

Mpando wake unalibe munthu. Timabotolo ta utoto timene timakhala pa shelefu panalibe, kabokosi kaja nakonso panalibe. Alandilodi ankasesa pamenepo, ndipo atandiona anamwetulira mokoma kuposa masiku onse.

"Mukufuna mwana wanga?"

"Eya. Ndili naye mawu."

"Pepani, mwachedwa. Wapita kuzilumba ndi chombo cha m'mawa. Amalume a Wamaloko akuti kumeneko kulibe wopaka zikhadabo, ndiponso munthu akakhala kutali ndi kwawo amafunika wina womudziwa, womuchapira, womuphikira. Inu mukudziwa bwino mmene kusungulumwa kumawawira."

Ndinagwira kiyi uja mwamphamvu mpaka mano ake anandilasa m'dzanja.

"Abwera liti?"

Alandilodi anagogoda tsache pansi kuti fumbi lichoke.

"Sananene. Tikiti wagula yongopita."